Marozi Amene Abambo Anasiya ku Geisha

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene abambo anamwalira n'kutisiyira nyumba yosapaka pulasitala ku Geisha mu Mzuzu, njinga yopanda mabuleki, ndi mzere wa marozi kutsogolo kwa khonde. Nyumbayo tinapitiriza kugonamo, njingayo anatenga amalume. Koma marozi aja anatsala pang'ono kunditengera amayi anga.

Kwathu ndi ku Salima, kumtunda, kutali ndi madzi, kumene dothi limang'aluka mwezi wa Okutobala mpaka nkhuku kumayenda zitayasamula. Abambo anali kalaliki m'boma, ndipo anawasamutsira ku Mzuzu ine ndikuyamba kumene sukulu. Amayi sanauzolowere mzindawu. Ankadandaula kuti zovala sizikuuma, kuti mchere ukusungunuka m'botolo, kuti pamsika anthu akuyankhula mothamanga ngati akukangana. Abambo okha ndiwo anaukonda, chifukwa ankati kuno ngakhale ndodo ukayiiwala pansi mawa uyipeza yaphuka.

Marozi anayamba ndi kanthambi kamodzi kamene mnzawo wa kuntchito anawapatsa, atakakulunga m'nyuzipepala yonyowa. Kanthambi kaja kanagwira n'kubala maluwa ofiira kwambiri, onunkhira mpaka pamsewu. Kenaka anabweretsa a pinki, oyera, ndi amodzi achikasu amene ankawanyadira ngati mwana wamwamuna amene sanabereke. Ine ndinali mwana mmodzi yekha, ndipo nthawi zina ndinkachita nawo nsanje maluwawo.

Chaka chilichonse, mvula ikangotha n'kuyamba kuzizira, abambo ankanola mpeni wawo pamwala n'kuwadula marozi aja mopanda chisoni, mpaka kutsala zitsa zofika m'mawondo. Zodulazo ndi masamba onse ogwa ankazikokera kuseri kwa nyumba n'kuzitentha. Amayi ankaima pakhonde manja ali m'chiuno.

"Inu bambo a Tadala, maluwa akulakwirani chiyani? Mwawadula ngati mwakangana nawo."

"Asiyeni, mphepo idutse," ankatero abambo akuseka, osatembenuka n'komwe.

Ife tinkangoti ndi ukhondo wa anthu a muofesi, womwe uja wosita ndi mpango wopukutira thukuta womwe.

Anadwala sabata zochepa chabe, mvula ili pakati. Thupi tinapita nalo ku Salima, tinaika, tinabwerera ku Mzuzu awiriwiri. Kwathu maliro satha tsiku loika m'manda. Pakapita nthawi achibale amasonkhananso, apemphera, namfedwa ametedwa tsitsi, avula zakuda, ndipo kuyambira pamenepo amaloledwa kuseka pagulu ndi kuyambanso moyo. Amene ankayendetsa zimenezi anali azakhali anga aNaphiri, mlongo wawo wa abambo. Ankaimba foni pafupipafupi kufunsa kuti tibwera liti kudzameta. Amayi ankati mwana ali pasukulu. Akaimbanso, amayi ankati msewu wa ku Nkhata Bay wavuta ndi mvula. Tsiku lina atadula foni anangoyankhula okha, maso ali pawindo, kuti, "Ndikameta ndiye kuti ndavomera."

Kuyambira pamenepo palibe chinthu cha abambo chimene chinaloledwa kuchoka pamalo pake. Jekete lawo linatsala pamsomali, sopo wawo wotsala anauma m'bafa. Ndipo chikondi chonse chimene chinasowa kopita chinathera pa marozi. Madzulo aliwonse, nthawi imene abambo ankafika kuchokera kuntchito, amayi ankatenga kheni n'kuwathirira kuchokera pamwamba, kutsuka tsamba lililonse ngati akusambitsa khanda. M'mawa akasesa pabwalo, masamba onse ogwa ankawaunjika patsinde. Ku Salima ndi mmene timachitira. Mbewu ukaiphimbira ndi zinyalala imasunga chinyezi, ndipo mayi wotaya masamba kudzala amamuseka kuti sadziwa kulima. Kudula kokha ndiko anakaniratu. Nthambi zinakula n'kulowana, chitsamba ichi n'kugwirana ndi icho, mpaka mzere wonse unasanduka mpanda umodzi woti ngakhale mphaka sakanadutsa.

Ndiye unabwera mvumbi. Amene sanakhaleko ku Mzuzu mwezi wa Epulo sadziwa mvula. Kwathu mvula imabwera ndi ukali, igunda, ithira, ipita, dzuwa n'kutuluka. Ya kuno imangowaza mwakachetechete, lero, mawa, mkuja, ndipo ikapuma pang'ono nkhungu imatsika n'kukhala pamasamba mpaka masana. Nsapato zanga za kusukulu zinamera nguwi pansi pa bedi.

Ine ndi amene ndinayamba kuona timadontho takuda pamasamba a m'munsi, ngati wina wagwedeza bolopeni yotayikira. Patapita masiku, kuzungulira kadontho kalikonse kunachita chikasu, ndipo tsamba ukangolikhudza linkathothoka. Matendawo ankakwera kuchokera pansi kupita kumwamba. Mphukira zanthete zinachita zoyerayera ngati zawazidwa ufa, n'kupiringizika. Timaluwa tosamasula tinkasanduka tabulauni, tofewa, tomera ubweya wotuwa, n'kuwerama tisanaone dzuwa. Pakhonde pamene kale pankanunkhira panayamba kumveka fungo la bulangeti lonyowa.

Amayi ataona chikasu chija sanakayike. Munthu wa ku Salima akaona tsamba lachikasu amadziwa zinthu ziwiri zokha, ludzu kapena dzuwa. Anawonjezera madzi, m'mawa ndi madzulo, mvula ikuwaza pamsana pawo. Dzuwa litatuluka tsiku lina masana, anathamanga kukazika mitengo n'kumanga kadenga ka masaka ndi udzu pamwamba pa mzere wonse, monga timachitira ndi nazale ya fodya. Anathira manyowa a nkhuku. Masamba ogwa, amene tsopano anali ambiri, anapitiriza kuwaunjika patsinde mpaka milu inafika m'akakolo. Chilichonse chimene ankachita chinali cholondola, kungoti chinali cholondola ku Salima.

Oyamba kufa anali oyera aja. Nthambi zinada kuchokera kunsonga, khungwa linakwinyika, n'kutsala minga yokha. Tsiku limenelo amayi sanadye. Mawa lake anamwa tiyi yekha. Anayamba kuchepa ine ndikuona, chitenje chikuwazungulira mochuluka kuposa kale, mphete ikugwera m'beseni akamatsuka mbale. Ankandiphikira ndithu, koma ankangoika mbale patebulo n'kutuluka kukakhala pampando wa abambo pakhonde, kuyang'ana maluwa. Madzulo ena, atafa a pinki amodzi, ndinawamva akunena motsitsa mawu, "Akauma onsewa, ine ndatsala n'chiyani muno?"

Sanandiuze ine, koma ndinamva. Ndipo mutu wa mwana suchedwa kumanga mfundo: marozi akafa, amayi afa. Abambo ndinali nditawaona akutsitsidwa m'dzenje, choncho imfa sinali nthano kwa ine. Ndinkadziwa kuti imalowa m'nyumba ya aliyense, ndipo kwathu inali itadziwa kale khomo.

Ndinachita mantha amene sindinachitepo m'moyo mwanga. M'kalasi sindinkamva chilichonse, ndinkangoyang'ana mvula pawindo n'kumaitukwana mumtima. Ndikaweruka ndinkathamanga njira yonse, matope mpaka kumsana, kuti ndikaone ngati amayi akadali pampando paja. Ndikawapeza akupuma, ndinkapita kumaluwa kukayesa nzeru zanga. Ndinawaza phulusa monga amachitira pa mpiru. Ndinathira madzi a sopo, ndinasinja tsabola. Ndinatenga kansalu konyowa n'kumapukuta timadontho tija tsamba ndi tsamba, chitsamba ndi chitsamba, ndikuganiza kuti ndi litsiro. Ndinapemphera, n'kumulonjeza Mulungu kuti akachiritsa marozi ndidzakhala sisitere, ngakhale kuti sitinali a mpingo wa masisitere.

Loweruka lina ndinabisa tsamba limodzi m'kabokosi ka masamu n'kuyenda wapansi mpaka m'tauni, kusitolo ya zaulimi pafupi ndi msika. Munali alimi odzaza, ofuna mankhwala a tomato ndi mbewu ya kabichi. Nditafika kutsogolo, wogulitsa anandifunsa ngati ndi mbozi kapena nsabwe. Ndinati palibe kachilombo kalikonse, tsamba likungofa lokha. Analiyang'ana pang'ono n'kunena kuti ndibwere ndi makolo, kenaka anaitana wina. Ndinabwerera ndikulira pakati pa njinga zamoto ndi maminibasi, ndipo palibe anazindikira chifukwa aliyense nkhope inali yonyowa ndi mvula. Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata, ndipo ife inali itationa.

Nzeru zitandithera, ndinayamba kunama. Ndinkadzuka m'mamawa amayi asanatuluke, n'kutola masamba ogwa amene anali akadali obiriwirako, n'kuwamangirira ku nthambi ndi ulusi wosokera. Ndinkayambira pa ofiira aja, oyamba kubzalidwa, chifukwa ndiwo amayi ankawayang'ana kwambiri. Ndinkafuna akatuluka aone ngati zinthu zikusintha. Zala zanga zinali zobayidwa minga zokhazokha.

Ndi mmene anandipezera aNyaGondwe. Anali mayi wa kuseri kwa mpanda wathu, namwino wa pachipatala, wamkulu thupi, wa mawu oti akanong'ona mzere wonse wa nyumba umamva. Ndi amayi ankangopatsana moni, chifukwa amayi ankachita manyazi ndi Chitumbuka chawo chothyokathyoka. M'mawa umenewo ankapita kuntchito, atavala zoyera ndi juzi pamwamba, ndipo anaima pageti.

"Iwe mwana, ukuchita vichi? Ukusoka maluwa?"

Misozi inangoyamba yokha. Analowa osaodira, anathothola tsamba limodzi, analitembenuza, kenaka anawerama n'kufukula mulu wa patsinde ndi kamtengo. Mkati munali mwakuda bii, monyowa, modutsa timaulusi toyera, ndipo fungo linatuluka loti ndinabwerera m'mbuyo.

"A Chiuta wane," anatero. "Mwagoneka odwala ndi amoyo pabedi limodzi, n'kuwafunditsa bulangeti limodzi. Unadwalapo chipere iwe?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Ndinagwiranso chipewa changa chaubweya n'kuchikokera m'makutu.

"Basi, ichi n'chipere cha maluwa. Ife timati fangasi. Sikachilombo koti ukaone ndi maso yayi. Kamakonda ponyowa, pamdima, pothithikana. Kamagona m'masamba awa mwaunjikawa. Dontho la mvula likamenya pansi, limakanyamula n'kukaponya patsamba lamoyo. Tsamba likagona lonyowa, mawa kalowa. Ndiye inu mukuthiranso madzi pamwamba, mwamanganso denga kuti dzuwa lisaumitse. Mukukadyetsa bwino chomene."

Ndinawauza za kansalu kanga kopukutira. Anandiyang'ana n'kupukusa mutu, nati ndi chimodzimodzi kupesa ana a kalasi yonse ndi chipeso chimodzi. Kenaka anandiuza zoyenera kuchita, akuloza ndi chala ngati akulangiza wodwala wosamva. Denga lichoke. Masamba onse a pansi akokoledwe mpaka dothi lioneke, atenthedwe, asapite kudzala kapena kumanyowa. Tsamba lililonse la madontho lithotholedwe, chifukwa lodwala silichira. Nthambi zidulidwe mpaka m'mawondo, pakati pa chitsamba patseguke, ndipo chodulira chizipukutidwa ndi sipiriti pochoka pa chitsamba china kupita pa china. Madzi azithiridwa pansi, m'mawa, ndipo pokhapokha dothi likauma. Masamba atsopano akatuluka tiziwapopera madzi osungunulamo soda pang'ono, yemwe uja wa therere, ndi kadontho ka mafuta ophikira ndi ka sopo, kuti matenda asapeze pogwira. Zikakanika, tikagule mankhwala a kopa amene alimi a tomato amapopera.

Ali mkati moyankhula, chitseko chinatseguka. Amayi anaima pakhonde atafunda chitenje chakuda, ndipo ndinadziwa kuti amva zonse.

"Mwawuka uli, amama?" anatero aNyaGondwe.

"Tadzuka. Yewo chifukwa cha malangizo, koma maluwa awa sadulidwa."

"Akapanda kudulidwa afa onse, mama. Mwezi uno sutha."

"Anabzala ndi bambo a mwanayu. Ine sindingaike mpeni pa chinthu chimene dzanja lawo linagwira."

"Dzanja lawo lomwelo ndi limene linkadula! Ine ndinkawaona a Phiri chaka chilichonse, utsi wawo unkandinunkhitsira zovala pachingwe. Mukuganiza ankatentha chifukwa chosowa chochita?"

Nkhope ya amayi inauma. Anatembenuka kuti alowe, ndipo aNyaGondwe anawaponyera mawu ena kumsana, akuti, "Ndiponso mwana uyu mumuone m'mutu." Koma chitseko chinali chitatsekeka kale.

Madzulo ake ndinapeza sizasi yodulira maluwa ndi kabotolo ka sipiriti zili pakona ya khonde, aNyaGondwe atazisiya. Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kuno alendo tinali ife, ndipo kalumo kathu kanali kabuntha. Sizasi ija inakhala pamenepo masiku angapo. Amayi ankailambalala posesa ngati ndi njoka. Ine ndinkaitola, n'kuitsegula, n'kuitseka, n'kuibwezera. Ndinkaopa kuti ndikadula ndekha, amayi akatuluka n'kupeza zitsa, mtima wawo uima pomwepo. Ndikapanda kudula, maluwa afa, mtima wawo uimabe. Ndinali mwana wa sitandade sikisi, ndipo njira zonse ziwiri zinkathera kumanda.

Achikasu aja, onyadiridwa aja, anayamba kuda kunsonga. Pa ofiira panatsala kaduwa kamodzi kosamasula, pamwamba penipeni, ndipo amayi ankakayang'ana kuyambira m'mawa. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinawapeza atakhala pansi m'matope, mvula ikuwaza, kaduwa kaja kali m'manja mwawo. Kanali katawola n'kuthothoka. Sankalira. Ankangokayang'ana ndi maso omwe aja amene abambo anali nawo kuchipatala masiku omaliza.

Kwathu mwana sakweza mawu kwa mayi ake. Ine tsiku limenelo ndinaiwala mwambo wonse. Ndinataya chikwama, ndinagwada m'matope momwemo, ndinawagwira mawondo n'kuwagwedeza.

"Amayi, dulani! Chonde dulani! Awa akafa inunso mufa, ndinakumvani. Nanga ine? Ine mundisiyira ndani? Inetu sindinafe, amayi, ndili pompano!"

Ndinalira mokuwa mpaka agalu a m'nyumba zoyandikana anayamba kuuwa. Pogwedezeka paja chipewa changa chinagwa. Amayi anaika dzanja pamutu panga kuti anditonthoze, ndipo ndinamva zala zawo zikuima. Zinayenda pang'onopang'ono, zikupatula tsitsi limene linali lisanapesedwe bwino chiikireni maliro. Pakati pa mutu panali dazi lozungulira, lotuwa, la mamba, lalikulu ngati pakamwa pa kapu. Kumbuyo kwa khutu kunali lina laling'ono.

"Tadala, ichi chayamba liti?"

"Kalekale."

"Osandiuza bwanji?"

"Munali ndi maluwa."

Amayi anatulutsa mawu amene sindinawamvepo, ngakhale pamaliro. Anandikokera pachifuwa n'kulira ngati chinthu chang'ambika mkati, akungobwereza kuti mwana wanga, mwana wanga ine. Tinakhala m'matopemo mpaka tonse tinayamba kunjenjemera. Kaduwa kaja sindikudziwa kanagwera pati.

Madzulo omwewo anandigwira dzanja n'kupita nane kwa aNyaGondwe, koyamba kulowa m'nyumba imeneyo. Iwo sananene kuti ndinakuuzani. Anangoona m'mutumo, nati mawa tipite kuchipatala kukalandira mapiritsi ndi mafuta opaka, tsitsi lonse lichoke, chipewa ndi chipeso ziwiritsidwe. Amayi anandimeta okha pakhonde ndi lezala latsopano, mosamala, akupuma mwamphamvu. Tsitsilo analikulunga m'pepala n'kuliponya pambaula.

Loweruka lotsatira mvula inapuma. Ndinadzuka n'kumva phokoso panja, ndipo nditatuluka ndinapeza amayi akugwetsa kadenga kaja. Atamaliza anatola sizasi. Anaima nthawi yaitali patsogolo pa ofiira aja, kenaka anadula kansonga kakang'ono, ngati akuwenga chikhadabo.

"Pasi, mama, pasi chomene!" anakuwa aNyaGondwe ali kuseri kwa mpanda, mswachi uli m'kamwa. "Onani mkati mwa nthambi. Mukaona mwabulauni, tsikani. Mudule mpaka mupeze moyera."

Amayi anatsika. Munali mwabulauni. Anatsikanso, munali mwabulaunibe. Ine ndinayamba kuganiza kuti tifika pamizu osapeza kanthu. Pafupi ndi bondo, sizasi inalira mosiyana, ndipo podulapo panaoneka poyera, ponyowa, pozungulira pali pobiriwira.

"Enya, apo!" anatero aNyaGondwe. "Ameneyo ngwamoyo."

Tinagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka. Amayi ankadula, ine ndinkapukuta sizasi ndi sipiriti n'kukoka nthambi. Pamene ndinamangirira masamba ndi ulusi anapaona, anagwira ulusiwo, anandiyang'ana, n'kupitiriza kudula. Zitsamba zina tinatsika mpaka pansi osapeza poyera, ndipo zimenezo tinazula ndi mizu yomwe. Achikasu aja anali m'gulu limenelo. Milu ya masamba tinaikokola ndi khasu mpaka dothi lofiira linaoneka. Manja a amayi anali magazi okhaokha, koma anakana kuvala magolovesi amene aNyaGondwe anawaponyera.

Zinyalalazo zinali zonyowa, moto unkakana, mpaka tinathira parafini. Utsi unakwera woyera, wolemera, n'kufalikira m'nyumba zonse za mzere wathu. Amayi anaima pafupi, maso akutuluka misozi, sindikudziwa ngati inali ya utsi. Anaukoka m'mphuno n'kunena kuti, "Fungo la bambo ako ili."

Kutsogolo kwa nyumba kunatsala zitsa zochepa, zotalikirana, zopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Kunena zoona, pankaoneka ngati pamanda. Palibe amene akanatilonjeza kuti ziphuka, ngakhale aNyaGondwe anangoti tachedwa, tiona. Ine ndinkayembekeza kuti amayi akhalanso pampando paja kudikira. Koma anasamba m'manja, anatenga foni, anaimba ine ndili pomwepo.

"Alamu, ndine mayi a Tadala. Auzeni akuluakulu akonze tsiku. Tikubwera kudzameta."

Usiku wake anadya. ANyaGondwe anabweretsa nthochi zophika ndi nyama m'bakuli, ndipo amayi anayamba ngati akulawa, kenaka anamaliza n'kunyambita chala. Ine ndinkangowayang'ana kukamwa, chakudya changa chikuzizira.

Ku Salima tinakhalako pafupifupi sabata ziwiri, sukulu ndinajomba. Ndinaona azakhali akuwameta amayi pansi pa mtengo wa bwemba, tsitsi likugwera pachitenje chakuda, azimayi akuimba nyimbo ya kutchalitchi motsitsa. Atamaliza, amayi anandiitana n'kugunditsa mutu wawo ndi wanga, mipala iwiri, ndipo anthu anaseka. Iwonso anaseka, mano onse kuonekera. Ndinali nditaiwala kuti ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo.

Tinabwerera ku Mzuzu kukuzizira kale, thambo lili mbee. Titatsika basi kudepoti palibe anatchula za maluwa, ndipo njira yonse ya ku Geisha tinkakamba za mtedza umene azakhali anatipatsa. Koma titafika pageti tonse tinatula katundu pansi osagwirizana. Zitsa zina zinali zitauma ndithu. Pa ziwiri, chimodzi cha pinki ndi cha ofiira oyamba aja, panali timphukira tofiirira, tonyezimira, tating'ono ngati lilime la mwanapiye, topanda kadontho ndi kamodzi komwe. Amayi ananjuta, anayang'anitsitsa, kenaka anapisa chala m'dothi.

"Mukadali chinyezi," anatero. "Lero sitithirira."

Tinkapopera soda uja mvula ikayandikira, ndipo chaka china madontho atabwerera tinagula mankhwala a kopa. Matendawo sathera, amangodikira mvumbi. Koma sanatigonjetsenso, chifukwa tsamba loyamba la madontho linkapita pamoto tsiku lomwelo.

Lero ndine mayi wa ana anga, ndipo ndikukhalabe mu Mzuzu momwemuno. Ndikaganiza za chaka chimenecho sindiwaimba mlandu amayi. Anachita zimene manja awo anaphunzira kwawo, kuthirira, kuphimbira, kutchinga dzuwa, ndipo anachita ndi mtima wonse. Chimene tonse sitinkadziwa n'chakuti si chilichonse chofota chili ndi ludzu. Zina zimafota chifukwa tazifunditsa kwambiri, takana kuchotsa zimene zinafa kale, mpaka zakufazo zayamba kudya zamoyo. Ndipo pamene maso ali pa chakufa, chamoyo chimadwala mwakachetechete pambali pako, chitavala chipewa.

Amayi akalamba tsopano, mawondo sawalola kuwerama, koma akadali ku Geisha, ndipo ofiira aja akadali pakhonde, tsinde lake lanenepa ngati mkono wanga. Kukayamba kuzizira amandiimbira foni kuti ndibwere ndi sizasi. Chaka chatha ndinapita ndi mwana wanga wamkazi, amene ataona nthambi zikugwa anayamba kudandaula kuti ndikuwononga maluwa a agogo. Ndisanayankhe, amayi anamukokera pamiyendo pawo, anamuvula chipewa, anamupatula tsitsi ndi zala kumuyang'ana m'mutu monga amachitira ndi mwana aliyense wolowa pageti lawo. Atakhutira, anamubwezera chipewacho n'kundikodola ndi chibwano.

"Tsika pang'ono, Tadala. Mphepo idutse."